Kunsi kwa Nyanja Kuli Chisisira Masana Onse: Kumakhala Ndani?

Nkhaniyi ndi ya inu ana a ku Senga Bay, Lifuwu, Chikombe, Chipoka ndi midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ku Salima, inu amene mumadzuka m'mawa nyanja ili pakhomo.

Nyanja mumaidziwa ndithu. Mumasambamo, mumatsukamo mbale, mumathandiza akuluakulu kukoka khoka. Komatu zonsezi zimachitikira pamwamba ndi m'mbali. Nanga kunsi kwenikweni, kumene ngakhale katswiri wosambira sangafike, kuli chiyani? N'kowala kapena n'kwamdima? Ngati kuli zamoyo, zimadya chiyani, ndipo zimaonana bwanji? Tiyeni titsikire limodzi pang'onopang'ono. Musaope, sitinyowa.

Kodi nyanja yathu ndi yakuya bwanji?

Pagombe mutha kuyenda kamtunda madzi akulekeza m'chiuno. Koma bwato likapitirira chilumba cha Namalenje n'kulunjika pakati pa nyanja, pansi pamanka patsikiratsikira. Malo akuya koposa onse ali chakumpoto, kupitirira Nkhata Bay. Kumeneko, kuchokera pamwamba pa madzi kukafika pamatope apansi pali mamita pafupifupi 700. Mtunda umenewo mutauyenda pamsewu ungakutengereni mphindi pafupifupi 10. Tsono ganizani mphindi zonsezo mukungolowera pansi, pamutu panu pali madzi okhaokha.

Mu Africa muno, nyanja ya Tanganyika yokha ndiyo imaposa yathuyi, pakuti imafika mamita 1,470. Zonse ziwiri zili m'chigwa chachikulu chomwe chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira zaka mamiliyoni zapitazo.

Nyanja zamchere ndiye zilibe mnzake. Madzi otuluka m'nyanja yathu kudzera mumtsinje wa Shire amakalowa mu Zambezi ku Mozambique, n'kukathira mu Indian Ocean. Kumeneko, pakati pa Mozambique ndi chilumba cha Madagascar, pali malo akuya kuposa mamita 3,000.

Kuwala kumathera pati?

Kuwala kwa dzuwa kumaoneka koyera, koma m'kati mwake muli mitundu yonse ija mumaiona pa utawaleza. Madzi amameza mitunduyi umodziumodzi. Woyamba kumezedwa ndi wofiira, womwe umazimirira munthu akangotsika mamita 10 kapena kupitirirapo pang'ono. Kenako umatha wachikasu, kenako wobiriwira. Wotsiriza kugonja ndi wabuluu. N'chifukwa chake wosambira pansi akadzicheka chala pakuya, magazi ake saoneka ofiira ayi, amaoneka akuda mobiriwira.

Potengera kuwalaku, asayansi amagawa nyanja yamchere m'zigawo zitatu. Kuyambira pamwamba mpaka mamita 200 ndi dera la dzuwa, komwe zomera zimatha kukula. Kuyambira mamita 200 mpaka 1,000 ndi dera la chisisira. Kumeneku kuwala kulipo, koma n'kochepa kwambiri, kwabuluu, kosakwanira kumeretsa chomera chilichonse. Dzuwa lili paliwombo, kumeneku kumangokhala ngati langolowa kumene. Kupitirira mamita 1,000 ndiye mdima bii, usana ndi usiku chimodzimodzi.

M'nyanja yathu chisisira chimayamba msanga. Pofika mamita 100 kuwala kumakhala kwatsala pang'ono zedi. Nyengo ya dzinja, mtsinje wa Linthipe ukamakhuthulira matope ake m'nyanja cha ku zilumba za Maleri, madzi a dera limenelo amada, ndipo kuwala kumalephera kulowa ngakhale mamita ochepa.

Madzi amalemera

Amene mwasenzapo ndowa mukudziwa kuti madzi si chinthu chopepuka. Munthu akamatsikira pansi, madzi onse a pamwamba pake amamupanikiza mbali zonse. Mwina mwamvapo kupweteka m'makutu mutamira kukatola mwala pansi. Kumeneko n'kuyamba chabe. Pa mamita 500, madzi amakanikiza kamalo kofanana ndi chikhadabo cha chala chanu ndi mphamvu yonga ya thumba la chimanga la makilogalamu 50. Tsono werengani zikhadabo zingati zingakwane pathupi lanu lonse.

Nanga bwanji nsomba siziphwanyika? Thupi la nsomba ndi madzi pafupifupi lonse, ndipo madzi safinyika. Chomwe chimafinyika ndi mpweya. Nsomba zambiri zili ndi kathumba ka mpweya m'mimba, kaja mumakaona amayi akamatumbula chambo. Kathumbaka kamathandiza nsomba kuima m'madzi osamira kapena kuyandama. Nsomba yapansi ikakokedwa mofulumira, mpweya wa m'kathumbamo umafufuma chifukwa palibenso choupanikiza. Mimba imatupa, maso amatong'oka, nthawi zina chifu chimatulukira kukamwa. Mukadzaona nsomba yotere pagombe, dziwani kuti yachokera kwakuya. Anthu ogwira nsomba zokongola zogulitsa kunja, monga a ku Kambiri ku Salima konkuno, amalidziwa vutoli. Nsomba zogwidwa pakuya amaziika m'migolo n'kumazikweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo kuti zifike pamwamba zili zamoyo.

Eni ake a chisisira cha nyanja yathu

M'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Mbuna za mawangamawanga zimakhala m'miyala pafupi ndi pamwamba. Koma ilipo mitundu ina imene inasankha kwakuya.

Woyamba kumutchula ndi ndunduma. Mukaipeza pathandala kapena pamsika, muiyang'anitsitse m'maso. Mitundu ina ya ndunduma ili ndi maso aakulu kwambiri poyerekeza ndi mutu wake. Diso lalikulu limatola kuwala kochuluka, ndipo maso a nsomba zakwakuya amamva kwambiri kuwala kwabuluu, komwe ndi kokhako kofika kwawo. Ndunduma ndi mbale wake wa chambo, choncho nayonso imalera ana ake m'kamwa. Mayi amasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake mpaka titakula moti n'kudziyendera tokha. Pakati pa nyanja, pomwe palibe mwala kapena udzu wobisalamo, m'kamwa mwa mayi ndi momwe muli chitetezo.

Wachiwiri ndi mcheni, nsomba yaitali ya mano akuthwa, mlenje wa usipa ndi tinsomba tina. Palinso kampango, bombe ndi nkholokolo. Izi zitatu zili ndi ndevu, ndipo ndevuzo si zokongoletsera. Zimakhudza ndi kulawa, moti nsomba imazindikira chakudya ngakhale isanachione.

Palinso nsomba zina za banja la chambo, zomwe asayansi amazitcha Alticorpus, zokhala pansi pamatope akwakuya. M'mutu ndi m'chibwano mwake muli timabowo tomwe timamva kugwedezeka kwa madzi. Kanyongolotsi kakangosuntha m'matope, nsombayi yamva kale. Imasaka ndi khungu, osati ndi maso.

Zambiri mwa izi zinadziwika chifukwa cha kafukufuku wochitikira kwathu konkuno. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, asayansi a mayiko a SADC ndi a ku Britain anakhazikitsa malo awo ku Senga Bay. Ankayenda nyanja yonse pa sitima yofufuzira yotchedwa Usipa, kuyeza madzi ndi kuponya maukonde pakati ndi pakuya. Anapeza kuti nsomba za pakati pa nyanja zitayezedwa zonse pasikelo, zoposa theka zingakhale ndunduma. Nthambi ya boma yoona za usodzi nayo ili ndi sitima yake yofufuzira ku Monkey Bay, ndipo dzina lake ndi Ndunduma.

Malire amene nsomba sizidutsa

Tatsika mamita 100, tatsika 200. Tikamayandikira 250, nsomba zonse zimatha. Palibe ndunduma, palibe bombe. Kuchoka pamenepo mpaka pansi penipeni, mtunda womwe m'malo ena umaposa mamita 400, mulibe nsomba ngakhale imodzi. Chifukwa chake si mdima, komanso si kulemera kwa madzi. Madzi akunsiko alibe mpweya wa okosijeni, ndipo nsomba, monga inu ndi ine, singakhale moyo popanda mpweyawu.

Unapita kuti? Okosijeni amalowa m'nyanja kuchokera pamwamba, kudzera m'mafunde ndi m'tizomera ting'onoting'ono toyandama m'madzi owala. Kuti afike pansi, madzi apamwamba ayenera kusakanikirana ndi apansi. Koma madzi ofunda ndi opepuka, amayandama pamwamba pa ozizira. Pamwamba pa nyanja yathu pamafunda mpaka madigiri 28 nyengo yotentha, pomwe kunsi kumakhala pa madigiri 22 kapena 23 chaka chonse. Kusiyanaku n'kochepa, koma n'kokwanira kuletsa madzi kutembenuzika. Pamwamba pa izo, zonse zofa pamwamba zimamira: tizomera, tizilombo, nsomba, masamba obwera ndi mitsinje. Mabakiteriya amadya zimenezi, ndipo podyapo amamaliza mpweya wochepa womwe ukanatsalako.

Mwera umayesetsa. Kuyambira cha m'ma June mpaka August, mphepo imeneyi ikamawomba mwamphamvu, asodzi n'kukokera mabwato kumtunda, madzi apamwamba amazizira ndi kuvundulika mpaka pakuya ndithu. Mwera umakankhira madzi apamwamba kumpoto, ndipo kummwera kwa nyanja kumakwera madzi ozizira ochokera pansi, odzaza ndi chonde cha zinthu zija zinawolera kumeneko. Chondecho chimameretsa tizomera tambiri, tizomerato timadyetsa tizilombo, tizilomboto timadyetsa nsomba. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe kummwera kwa nyanja kumaphedwa nsomba zambiri. Komabe ngakhale mwera wamphamvu chotani sufika pansi penipeni.

Kwina zinthu n'zosiyana. Nyanja ya Baikal ku Russia ndi yakuya mamita oposa 1,600, koma kumeneko kumazizira mpaka madzi kuuma pamwamba. Madzi ozizirawo amamira atanyamula okosijeni, choncho zamoyo zimapezeka mpaka pansi. M'nyanja zamchere namonso, madzi ozizira kwambiri a kumalekezero a dziko, kumpoto ndi kummwera, amamira n'kuyenda chapansipansi kupereka mpweya kwakuya.

Kanthu kakang'ono kolowa koletsedwa

Chilipo chamoyo chimodzi chomwe chimadutsa malire aja tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a inu mumachidziwa. Munaonapo chinthu chonga utsi wakuda chikufuka pakati pa nyanja, pomwe palibe moto? Akuluakulu anakuuzani kuti ndi nkhungu, tizilombo touluka tochuluka mosawerengeka. Sitiluma ayi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, anthu a m'madera ena, makamaka chakumpoto, amatikola ndi madengu onyowetsa, n'kutiumba timitanda tomwe amaphika ndiwo. David Livingstone analawa chakudyachi pomwe ankayenda pa nyanjayi mu 1861, ndipo analemba za icho m'buku lake.

Moyo wouluka wa nkhungu ndi waufupi, tsiku limodzi kapena awiri. Zimatuluka m'madzi, makamaka mwezi ukakhala kumdima, n'kukwerana mumlengalenga, zazikazi n'kuikira mazira pamadzi, basi zathera pomwepo. Nthawi yaitali ya moyo wake nkhungu imakhala ili mphutsi m'madzi. Mphutsiyi ndi yaifupi, yosaposa sentimita imodzi, ndipo thupi lake ndi loonekera mkati, moti m'madzi n'kovuta kuiona. Ili ndi timatumba tinayi ta mpweya, tiwiri chakumutu, tiwiri chakumchira. Timatumbati tikafufuma, mphutsi imakwera. Tikafinyika, imatsika.

Tsono tamverani nzeru zake. Chakudya cha mphutsiyi, chomwe ndi tizilombo ting'onoting'ono toyandama, chili pamwamba. Koma pamwamba pomwepo ndi pomwe pali adani oona bwino masana. Choncho kukamacha, mphutsi zikuluzikulu zimatsika mamita 200 kapena kupitirira, mpaka kulowa m'madzi opanda okosijeni aja. Zimatha kupirira kumeneko maola ambiri, pomwe nsomba singayerekeze kuzilondola. Dzuwa likalowa zimakweranso kukadya mumdima. Nkholokolo nazo sizigona. Masana zimakhala pansi, usiku zimakwera kutsatira mphutsizo. Usiku uliwonse, pansi pa mabwato a asodzi, pamakhala chikhamu chikukwera, ndipo mbandakucha chimatsikanso.

Asodzi a kauni amagwiritsa ntchito khalidwe la zamoyo za usikuzi. Msodzi wotchedwa siginala akayatsa nyali pabwato lake, tizilombo ndi usipa zimasonkhana pakuwalapo, anzake n'kuzinga ndi ukonde wa chilimira. N'chifukwa chake usodzi umenewu umayenda bwino mwezi ukakhala kumdima, pakuti mwezi ukawala nyanja yonse, nyali ya munthu imachepa mphamvu.

Pansi pa nyanja pomwe pankayenda

Ulendo wokwera ndi kutsikawu umachitikanso m'nyanja zamchere, ndipo kumeneko ndi waukulu moti asayansi amati palibe msamuko wina wa nyama padziko lapansi woposa umenewu. Mmene unadziwikira n'zoseketsa.

Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, akatswiri a ku America ankayesa makina ofunafunira sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, kufupi ndi gombe la California. Makinawa amatumiza phokoso pansi n'kumvetsera kubwerera kwake. Phokoso likabwerera msanga, ndiye kuti pansi pali pafupi. Anthuwa anadabwa kuona makina akuonetsa pansi pa mamita 300 kapena 400, pamalo pomwe ankadziwa kuti ndi pakuya kuposa apo. Chodabwitsa china, pansi pabodzapo pankakwera usiku, n'kutsika m'mawa. Mu 1945, wasayansi wina dzina lake Martin Johnson anafotokoza kuti chobweza phokosocho ndi zamoyo: tinsomba, tinkhanu ndi zina zambiri zoyendera limodzi. Timatumba ta mpweya ta m'mimba mwa tinsombato ndi tomwe tinkanamiza makina.

Zambiri mwa nsomba zapaulendowu ndi zotchedwa lanternfish. Zilipo mitundu pafupifupi 250, ndipo zambiri sizitalika kuposa chikhatho cha munthu wamkulu. Zina zimakwera mamita mazanamazana madzulo aliwonse, kuchoka m'madzi ozizira kwambiri kukadya m'madzi ofunda, n'kubwerera kusanache. Dziwani kuti kunsi kwa dera la chisisira la nyanja yamchere kumazizira mpaka madigiri 5, pafupifupi ngati m'firiji. Palinso kansomba kotchedwa bristlemouth, kochepa ngati chala. Asayansi amakhulupirira kuti mwa nyama zonse zokhala ndi fupa la msana, aka ndiye kochuluka koposa. Nkhuku zonse zapadziko, mbewa zonse, anthu onse, palibe angakafikeko.

Zomwe sizikwera zimadikira chakudya chogwa kuchokera pamwamba: tizomera takufa, ndowe za tizilombo, nyenyeswa za nyama zodyedwa. Zimagwa pang'onopang'ono usana ndi usiku. Chifukwa chakudya n'chosowa, nsomba zambiri zakumeneku zili ndi kukamwa kwakukulu, mano aatali ndi mimba yotanuka, kuti chomwe chapezeka chisapulumuke.

Nyama zoyatsa nyali zawozawo

Chiphaniphani mumachidziwa. Chimawala chifukwa m'thupi mwake muli mankhwala omwe akasakanikirana ndi okosijeni amatulutsa kuwala kosatentha. Pamtunda zamoyo zotere ndi zochepa, koma m'nyanja yamchere ndi zosawerengeka. Asayansi a ku Monterey Bay ku California, atapenda zithunzi zojambulidwa pansi pa nyanja kwa zaka zambiri, analengeza mu 2017 kuti mwa nyama zinayi zilizonse zomwe anaziona zikuyandama m'madzi, zitatu zimatha kuwala.

Nyali zimenezi zili ndi ntchito zosiyanasiyana. Lanternfish ili ndi timizere ta nyali m'mbali ndi kumimba. Mtundu uliwonse uli ndi kayalidwe kakekake, ndipo izi zimathandiza kuti zizindikirane. Koma nyali za kumimba ndi zobisalira. Mwina mukuti, munthu angabisale bwanji poyatsa nyali? Taganizani. Mdani ali pansi, akuyang'ana kumwamba komwe kukuchokera kakuwala kabuluu kaja. Nsomba ikadutsa pamwamba pake, amaona chithunzithunzi chakuda. Tsono nsomba ikayatsa mimba yake mofanana ndendende ndi kuwala kochokera kumwambako, chithunzithunzi chija chimazimirira. Mdani amangoona madzi.

Tinkhanu tina tikathamangitsidwa timalavula madzi owala kumaso kwa mdani, n'kuthawa iye akadali wodabwa. Nsomba zina zili ndi kanyali kolendewera pansi pa chibwano, ndipo kansomba kobwera kudzaona kakuyesa chakudya kamathera m'kamwa. Nyama zambiri zakumeneku ndi zofiira. Pamtunda chinthu chofiira chimaonekera patali, koma kumene kuwala kofiira sikufika, chofiira chimaoneka chakuda. Komabe pali mlenje wina, nsomba yotchedwa Malacosteus, yemwe ali ndi nyali yofiira pansi pa diso. Iye amaona kuwala kofiirako, pomwe nyama zambiri zomwe amasaka sizikuona. Amaziunika zosadziwa kanthu.

Ina yodabwitsa ndi barreleye. Pamwamba pa mutu wake ndi poonekera mkati, ndipo maso ake obiriwira ali m'kati mwa mutumo, atalunjika kumwamba kudikira chithunzithunzi cha chakudya. Ikafuna kugwira, imatembenuzira masowo kutsogolo.

Anthu oyamba kuona nyali zimenezi kwawo kwenikweni anali William Beebe ndi Otis Barton. Analowa mumpira wachitsulo wa mazenera aang'ono, wotakata mita imodzi ndi theka, n'kutsitsidwa ndi chingwe kuchokera pasitima kufupi ndi chilumba cha Bermuda. Mu 1934 anafika mamita 923. Beebe ankafotokoza zomwe ankaona palamya, mnzake wina ali pasitima akulemba.

Nanga m'nyanja yathu? Asayansi sanapezemo nsomba yoyatsa nyali, ndipo sanaipezenso m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Zathu zimadalira maso aakulu, ndevu ndi khungu lakumva.

Nsomba yomwe inkayesedwa kuti inatha kalekale

Kwa anansi athu a kunyanja yamchere kuli nsomba ina yokhala poyambira penipeni pa dera la chisisira. Dzina lake ndi coelacanth. Asayansi ankaidziwa kudzera m'mafupa osanduka miyala, ndipo ankati inatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Koma mu December 1938, mayi wina woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ku East London, South Africa, dzina lake Marjorie Courtenay-Latimer, anaipeza pamulu wa nsomba zomwe asodzi anabwera nazo. Inali yabuluu, ya mamba olimba, ndi zipsepse zokhala ndi minofu ngati timiyendo. Yachiwiri inapezeka mu 1952 ku zilumba za Comoros. Mu 1991 ina inakodwa kufupi ndi Pebane ku Mozambique, ili ndi ana 26 m'mimba, pakuti nsombayi siikira mazira panja, imabereka ana amoyo. Masana imabisala m'mapanga pa mamita pafupifupi 200, usiku n'kutuluka kukasaka. Ngati nsomba yaitali ngati munthu wamkulu inatha kubisalira asayansi nthawi yonseyo, ndiye kuti kunsi kukadali zambiri zodikira wozipeza. Wozipezayo atha kukhala mmodzi wa inu.

Zikutikhudza bwanji ife a kumtunda?

Ndiwo zomwe mumadyera nsima zimadalira ulendo wausiku uja. Tizomera timadyedwa ndi tizilombo, tizilombo timadyedwa ndi mphutsi za nkhungu ndi usipa, izi zimadyedwa ndi ndunduma, nkholokolo ndi mcheni, kenako zonse zimafika m'mbale. Chimodzi chikasokonekera, zonse zimamva.

Nsomba zathu zili ndi malo ochepa kusiyana ndi mmene nyanja imaonekera, poti kunsi konse kuja n'kosakhalika. Matope ndi zonyansa zikachuluka m'nyanja, mabakiteriya amapeza zambiri zoti aoletse, ndipo amamaliza mpweya wambiri. Komanso nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire, moti chomwe chalowa chimatha kukhalamo zaka zambirimbiri. Botolo lomwe mwataya pagombe lero adzalipeza ndi adzukulu anu. Neti yoteteza udzudzu ikasanduka ukonde, imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe.

Anthu a ku Salima ali ndi chitsanzo chabwino pakhomo. Pachilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu Makanjira, usodzi umatsekedwa nyengo ya dzinja chaka chilichonse kuti nsomba ziswane, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Alendo ochokera kutali amabwera kudzaphunzira kwa iwo.

Yesani nokha

Choyamba, pezani galasi kapena botolo loonekera mkati, muthiremo madzi ozizira a mumtsuko mpaka theka. Pemphani wamkulu akupatseni tiyi wofunda wopanda shuga ndi mkaka. Thirani tiyiyo pang'onopang'ono kudzera pakhoma la galasi. Muona kuti akukhala pamwamba, osafuna kutsika. Kenako uzirani pamwamba pake ndi pakamwa, muone kuti mphepo yanu ikuvundula mpaka pati. Mwapanga nyanja ndi mwera wake.

Chachiwiri, pezani botolo kapena pepala la pulasitiki labuluu wakuda. Yang'anirani m'menemo tomato wakupsa, tsamba ndi pepala loyera. Ndi chiti chomwe chada koposa?

Chachitatu, mukapita kugombe m'mawa ndi wamkulu, pemphani asodzi mwaulemu akuonetseni ndunduma, utaka ndi nkholokolo. Yerekezani maso ake, jambulani m'kope, ndipo muwafunse kuti nsomba iliyonse anaipha pakuya bwanji komanso nthawi yanji. Musafulumire, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma zomira kwakuya kapena kukwera bwato nokha, ayi ndithu.

Mwagwirapo zingati?

1. Ndi mtundu uti wa kuwala womwe umayamba kutha m'madzi?
2. Dera la chisisira m'nyanja yamchere limayambira pati n'kulekeza pati?
3. N'chifukwa chiyani nsomba za m'nyanja yathu sizitsika kupitirira mamita 250?
4. Mphutsi za nkhungu zimakhala kuti masana, ndipo chifukwa chake n'chiyani?
5. Lanternfish imayatsiranji nyali za kumimba?

Mayankho: 1. Wofiira. 2. Kuyambira mamita 200 mpaka 1,000. 3. Kulibe mpweya wa okosijeni. 4. Kwakuya, ngakhale m'madzi opanda okosijeni, pothawa nsomba. 5. Kuti chithunzithunzi chake chisaoneke kwa mdani wokhala pansi pake.

Amene mwakhoza onse asanu, kafunseni mafunsowa kwa amalume anu opita kukauni, muone ngati nawonso angakhoze.